Kamera ya telesikopu ikudula pa laputopu: zolemba za Ogasiti ndi Sepitembala 2025

Loweruka, 9 Ogasiti

Ntchito ilipo imodzi: pofika pa 7 Sepitembala kamera ikhale ikujambula osadula. Usiku umenewo kuli kadamsana wa mwezi, ndipo kuno kwathu adzaoneka nthawi yabwino, anthu asanagone. Mwezi udzayamba kulowa mumthunzi wa dziko cha m'ma 6:27 madzulo, udzamira wonse kuyambira 7:30 mpaka 8:52. Pakadzapita masabata awiri, pa 21 Sepitembala, ndi pamene Saturn adzayandikire dziko kwambiri chaka chino, kutuluka dzuwa likulowa, kulowa dzuwa likutuluka.

Kamera yake ndi ZWO ASI224MC, yogula kwa munthu amene anaigwiritsapo kale ntchito ku Johannesburg, inabwera m'chikwama cha msuweni wanga. Ndi kachitsulo kofiira kozungulira, kokwana m'dzanja, kolowetsa pamene timaika diso pa telesikopu. Sensa yake ndi Sony IMX224, ma pixel 1304 m'litali ndi 976 m'lifupi. Ilibe batire, ilibe khadi losungira zithunzi, ilibe batani ngakhale limodzi. Moto imatenga ku laputopu, zithunzi imatumiza ku laputopu, zonsezo kudzera m'chingwe chimodzi cha USB 3.0 cha mamita 2. Telesikopu ndi Maksutov ya 127 mm, focal length 1500 mm (nambala imeneyi ikakula, chithunzi chimakulanso), pa mount ya mota, chipangizo chonyamula telesikopu n'kumaitembenuza kutsatira thambo. Laputopu ndi yakale ya Windows 10, ili ndi ma port awiri a buluu kumanzere ndi imodzi yakuda kumanja. Poti tebulo limakhala pakhonde ndipo telesikopu pakati pa bwalo, pali extension ya mamita 5 yogula mtauni.

Matenda ake ndi awa. M'nyumba, masana, zonse zili myaa: ndikatsegula SharpCap, pulogalamu yojambulira, dzina la kamera likuoneka, chithunzi chikubwera. Panja usiku imayamba bwino, kenako chithunzi n'kuuma, Windows n'kulira kamawu kaja komwe imalira munthu akazula flash. Nthawi zina imabwerera yokha. Nthawi zina mu Device Manager dzina lake limasowa, m'malo mwake pamakhala kachizindikiro kachikasu ndi mawu akuti Unknown USB Device, Device Descriptor Request Failed, Code 43. Lero mwezi unali wathunthu, ndinaupeza bwinobwino, koma sindinasunge fayilo ngakhale imodzi yomaliza.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ndayamba ndi mapulogalamu, osati chifukwa ndikuwaganizira kwambiri, koma kuti ndiwachotse pa mndandanda. Ndachotsa driver yakale (kapulogalamu kothandiza Windows kulankhula ndi kamera), ndatsitsa yatsopano pa tsamba la opanga kamera, ndayatsanso kompyuta. Ndayesa ASICap, ndayesa FireCapture, ndabwerera ku SharpCap. Onse atatu akuiona kamera patebulo la m'nyumba. Bandulo ya sabata yathera pomwepo.

Zinthu ziwiri zoyenera kudziwa apa. Choyamba, pali driver yeniyeni ya kamera ndipo pali ya ASCOM. ASCOM ndi chilankhulo chimene mapulogalamu a zakuthambo pa Windows amagwiritsa ntchito kuti amvane ndi zida za makampani osiyanasiyana, ma mount, ma focuser ndi makamera. Driver ya ASCOM imatsamira pa yeniyeniyo, siilowa m'malo mwake. Pojambula mwezi ndi mapulaneti, pamene tikufuna zithunzi zambiri pa sekondi, ASCOM siifunika, SharpCap imalankhula ndi kamera mwachindunji. Chachiwiri, kamera imamvera pulogalamu imodzi panthawi imodzi. Ngati ASICap yatsala yotsegula kumbuyo, kapena pulogalamu ina ngati PHD2 yaigwira kale, SharpCap idzakana kuitsegula ndipo munthu ungaganize kuti yafa.

Koma uthenga uja wa Device Descriptor ukunena zina. Chida cha USB chikangolumikizidwa, kompyuta imayamba yachifunsa kuti ndiwe yani. Chidacho chimayankha ndi kauthenga kakafupi kwambiri kokhala ndi nambala ya kampani ndi nambala ya mtundu wake. Ya ZWO ndi 03C3. Windows ikamva nambala imeneyo m'pamene imakafufuza driver yoyenera. Ndiye ikanena kuti descriptor yalephera kuwerengeka, ndiye kuti ngakhale moni woyambayo sanadutse, driver sinafikidwe n'komwe. Aliyense amene ndamufotokozera vutoli amathamangira kunena kuti ikaninso driver. Ndi malangizo osavuta kupereka, koma pa uthenga uwu mukhoza kuika driver mpaka kuche, palibe chisinthe. Vuto lili pansi: waya, moto kapena port.

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndinapita nazo zonse mtauni muno mu Zomba kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta. Analumikiza kamera, inabwera. Anazula, analumikizanso, inabwera. Tinailoza kukhomo popanda lenzi, sikirini ikungowala ndi kuda munthu akadutsa, kwa nthawi yaitali ndithu osadula. Chimodzimodzi mwana amene walira usiku wonse, mukafika naye kuchipatala iye n'kuyamba kusewera ndi adokotala.

"Madala, chinthu chanuchi chili bhobho," anatero. "Mwina ndi mphepo ya usiku."

"Mphepo ilowa bwanji mu waya, achimwene?"

Anaseka, kenako anatenga foni n'kuunika mkati mwa ma port. Yakutsogolo ya kumanzere anaigwedeza ndi pulagi n'kundionetsa kuti ikusewera pang'ono, yatopa ndi ma flash a zaka zambiri. Yakumbuyo ndi yolimba. Ndikulongedza anafunsa funso limene lapindula kuposa zonse lero: "Kodi panjapo mumakhala mwalumikiza chaja?" Ayi, panja palibe soketi, laputopu imayendera batire.

Ndili m'minibasi ndinalemba kusiyana kwa patebulo ndi pabwalo. Pabwalo pali extension, patebulo palibe. Pabwalo ndi batire, patebulo ndi chaja. Pabwalo telesikopu imayenda, chingwe chimakokeka. Pabwalo pali mame ndi kuzizira kwa Ogasiti kotsika kuphiri. Kuyesa masana m'nyumba sikukhudza chilichonse mwa zinayi zimenezi, n'chifukwa chake kamera ikupambana mayeso onse. Kuyambira pano ndizibweretsa zapabwalozo m'nyumba, chimodzi chimodzi.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Tsiku la extension, ndipo lakhala lalitali.

Ndinayamba ndi masamu. Chithunzi chathunthu cha kamera iyi mu RAW8, pamene pixel iliyonse imatenga byte imodzi, ndi 1304 kuchulukitsa 976, pafupifupi 1.27 MB. Opanga amati imatha kufika zithunzi 150 pa sekondi, kutanthauza pafupifupi 190 MB pa sekondi. USB 3.0 papepala ndi 5 Gbit pa sekondi, imanyamula zimenezo bwinobwino. USB 2.0 papepala ndi 480 Mbit, koma zenizeni imathera m'ma 35 mpaka 40 MB pa sekondi, ndiye chithunzi chathunthu sichingapitirire kwenikweni 30 pa sekondi. Nambala imeneyi ndi chida choyezera chaulere. Ndinatsitsa exposure, nthawi imene chithunzi chimodzi chimalandira kuwala, kufika 2 ms kuti isachedwetse, n'kuyang'ana pansi pa SharpCap pamene imalemba liwiro.

Chingwe chake chokha, pa port yakumbuyo: kupitirira 100. Ndikuika extension pakati: kugwa mpaka m'ma 20, ndipo nambala ya dropped, zithunzi zotayika panjira, ikukwera. Kamera ikuoneka, dzina lili pompo, Windows siikudandaula kanthu, koma yalowa pa msewu wa USB 2.0 mwakachetechete. Kuti ndisadalire maso okha ndinatsegula kapulogalamu kaulere kotchedwa USB Device Tree Viewer. Kamaonetsa chida chilichonse ndi liwiro limene chagwirizana ndi kompyuta. Popanda extension kakuti SuperSpeed. Ndi extension kakuti High-Speed, dzina lonyenga, poti High-Speed ndiye USB 2.0.

Ndinaunika m'kamwa mwa extension ndi tochi ya foni. Pulagi ya USB 3.0 yeniyeni imakhala ndi timano tisanu ndi tinayi. Tinayi takutsogolo, tatitali ndi tafulati, ndi ta USB 2.0: tiwiri ta moto, tiwiri ta uthenga. Mkati mwenimweni muli tina tisanu tating'ono, timeneto ndiye ta SuperSpeed. Pa chingwe cha kamera tonse tilipo, tikunyezimira mizere iwiri. Pa extension pali tinayi basi, kumbuyo kuli pulasitiki yosalala. Lilime lake ndi labuluu, paketi yake inalembedwa 3.0, koma mkati ndi 2.0 wamba. Buluu ndi mtundu chabe wa pulasitiki, aliyense akhoza kuumba. Pogula chingwe chotere muziwerenga timano muli pa kauntala pomwepo.

Ndiye pali utali. USB 2.0 malire ake ndi mamita 5 pa chingwe chimodzi chopanda chothandizira. Ine ndinali ndi 5 kuphatikiza 2, ndi cholumikizira pakati chogona pa udzu wa mame. USB 3.0 ndiye yovutirapo, ambiri amati osapitirira mamita 3. Amene akufunadi kutalikitsa amagula active extension, yokhala ndi kachipangizo mkati kolimbitsa uthenga, kapena amaika hub yokhala ndi moto wakewake pafupi ndi telesikopu. Zonsezo n'zoitanitsa kunja ndipo sizingafike isanakwane 7. Njira yotchipa ndi kusamutsa laputopu osati uthenga: katebulo kakang'ono pafupi ndi miyendo ya mount.

China chimene ndaona ndi maso lero: ngakhale ndi chingwe chabwino, mukalowetsa pulagi pang'onopang'ono, timano tinayi takutsogolo timakhudza msanga, kompyuta n'kumalizana ndi kamera ngati USB 2.0 tisanu tija tisanafike. Ndinayesa dala, ndipo USB Device Tree Viewer inati High-Speed. Kuzula n'kulowetsa kamodzi n'kamodzi, SuperSpeed. Mumdima munthu umalowetsa mofufuza, mosamala, ndiye ndi mmene zimachitikira.

Loweruka, 23 Ogasiti

Kulibe mwezi, thambo lili mbee, magetsi anazima madzulo ndiye mudzi wonse unali bii. Saturn anatuluka kum'mawa cha m'ma 7:30, ndinamudikira akwere. Katebulo pafupi, extension kulibe, port yakumbuyo. Zasintha kwambiri: Code 43 sinabwere. Koma kamera inadulabe, makamaka ndikaisiya osajambula ndikukonza zina pa mount, pobwerera n'kupeza chithunzi chauma.

Apa ndi pamene funso la mnyamata uja linagwira ntchito. Windows ili ndi makonzedwe awiri a moto, a pa chaja ndi a pa batire, ndipo pa batire imasunga moto mulimonse mmene ingathere. Malo oyamba: Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, USB settings, USB selective suspend setting. Pali mizere iwiri, On battery ndi Plugged in, yonse ndaika Disabled. Malo achiwiri: Device Manager, Universal Serial Bus controllers, USB Root Hub iliyonse, tsamba la Power Management, kuchotsa chizindikiro pa mawu olola kompyuta kuzimitsa chida posunga moto. Ndasinthanso plan yonse kukhala High performance. Makonzedwe osunga motowo si olakwika, anapangidwira mouse ndi flash pa ndege kapena m'kalasi. Kamera imene ikudalira port yomweyo pa moto ndi pa uthenga siwafuna.

Mtengo wake ulipo. Batire yakale imene inkapirira madzulo onse tsopano ikutha msanga, fani ikulira. Kadamsana kuyambira kulowa mpaka kutuluka mumthunzi ndi pafupifupi maola atatu ndi theka, batire iyi singafike. Ndibwereka batire ya sola ndi inverter yaing'ono kwa aneba.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Ndimafuna kumva kuchokera kwa kompyuta yeniyeniyo nthawi imene kamera ikudula, ndipo Windows siyankhula zambiri. Ndinaika Ubuntu, mtundu wa Linux, pa flash n'kuyatsira pomwepo osakhudza Windows. Lamulo la lsusb likuonetsa mzere wokhala ndi 03c3, kamera ilipo. Lamulo la dmesg ndi -w kumapeto limasiya zenera lotsegula, chilichonse chochitika pa USB chimalembedwa nthawi yomweyo. Ndikalumikiza bwino limati new SuperSpeed USB device. Ndikalowetsa mwaulesi limati new high-speed USB device.

Kenako ndinagwira pulagi ya pa port yakutsogolo ija n'kuikankha pang'ono m'mbali ndi chala. Nthawi yomweyo: USB disconnect, kenako device descriptor read/64, error -71, mizere ingapo yotsatizana. Ndi uthenga womwe uja wa Windows, m'chilankhulo china. Pa port yakumbuyo ndinafunika kukoka ndithu kuti zichitike. Kumbali ya kamera, pulagi yaikulu ya Type-B ija imagwira bwino koma ilibe loko, ikakokedwa cham'mbali nayonso imadula.

Kwa amene angafune kujambulira pa Linux: pali malire a memory imene pulogalamu ingagwiritse ntchito pa USB, usbfs_memory_mb, imabwera ili pa 16. Fayilo ya udev yotchedwa asi.rules, imene imabwera ndi mapulogalamu a kamerayi, imakweza kufika 200 komanso imalola kuti kamera itsegulidwe popanda kukhala root, mwini mphamvu zonse pa Linux. Popanda imeneyo kamera imaoneka mu lsusb koma zithunzi sizibwera bwino. Ine pakadali pano nditsala pa Windows, si nthawi yophunzira nyumba yatsopano. Koma Microsoft ikusiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala, ndipo laputopu iyi siyikwanira pa Windows 11, ndiye nkhani ya Linux idzabweranso posachedwa.

Lachisanu, 29 Ogasiti

Ntchito ya manja. Port yakutsogolo ndaimata tepi kuti ndisaikhudzenso mumdima. Chingwe ndachimangirira malo awiri ndi mphira yodula ku chubu chakale cha njinga: koyamba pa thupi la telesikopu pafupi ndi kamera, ndikusiya kakhota kolendewera kuti kukoka kulikonse kuthere pa mphirapo osati pa pulagi, kachiwiri pa mwendo wa tebulo laputopu isanafike. Pakati ndasiya chingwe chokwanira kuti mount itembenuke kuchokera kum'mawa mpaka pamutu. Ndinaiyendetsa ulendo wonsewo masana, kamera ikujambula, ine ndikuyang'ana chingwe osati sikirini. Malo amodzi chinkakola pa kabawuti ka counterweight, ndachidutsitsa kwina.

Za mame, laputopu yalowa mu katoni yogoneka cham'mbali, kukamwa kuyang'ana kwa ine, kumbuyo ndaboola kuti fani ipume. Zathandizanso kuti kuwala kwa sikirini kusamwazikire pabwalo.

Lamulungu, 31 Ogasiti

Mayeso athunthu, mwezi uli theka kumadzulo kwa pamutu. Ndinachita zonse monga zidzakhalire pa 7.

Maksutov siyenera pa kadamsana. Sensa ya kamerayi m'lifupi ndi 3.66 mm yokha, ma pixel 976 a 3.75 micron. Mwezi ndi waukulu pafupifupi theka la digiri, ndipo chithunzi chake pa sensa chimakhala pafupifupi 9 mm pa 1000 mm iliyonse ya focal length. Pa 1500 mm ndi kupitirira 13 mm, mumangoona kachigawo. Ngakhale pa 400 mm mwezi umadzaza mpaka m'mphepete. Ndiye ndaika lenzi yakale ya kamera ya filimu, ya 200 mm, ndi adapter. Mwezi ukubwera wosakwana 2 mm, theka la sensa, malo ambiri oti usunthe osathawa. Kutsogolo kwa sensa kuli fyuluta ya UV/IR, yotsekereza kuwala kosaoneka ndi maso, poti IMX224 imamva kwambiri infrared ndipo popanda fyulutayo mitundu imasokonekera, pomwe pa kadamsana mtundu ndiye nkhani yonse.

Kamera sinadule. Koma pojambula vidiyo, dropped inayambanso kukwera, ndipo mtima unagunda. Ulendo uno si chingwe. Poonerera pa sikirini palibe chotayika, chimayamba ndikangodina kujambula. Ndi disiki. Laputopu ili ndi hard disk yozungulira, imene singameze 190 MB pa sekondi, mwina theka lake basi. Mphindi imodzi pa liwiro lonse ingakhale fayilo ya SER yopitirira 11 GB. Kutayika kwa zithunzi kuli mitundu iwiri ndipo nambala ya dropped siisiyanitsa: ngati zikutayika poonerera, yang'anani USB, ngati zikutayika pojambula pokha, yang'anani disiki.

Ndachepetsa dera lojambula kufika 800 ndi 600, mwezi ukukwanamo, ndaika malire a zithunzi 60 pa sekondi, ndatsitsanso Turbo USB kuchoka pamwamba kufika 80. Chimenechi chimauza kamera kuchuluka kwa msewu wa USB umene ingadzaze, kuyambira 40 mpaka 100. Dropped yaima pa ziro. Flash ndi china chilichonse ndazula, chifukwa kawirikawiri ma port a laputopu ngati iyi amagawana controller imodzi.

Kuloza mount kum'mwera kwandidyera nthawi monga mwa masiku onse. Anzathu a kumpoto kwa dziko lapansi amalozera nyenyezi yowala ya Polaris, ife tili ndi Sigma Octantis yosaoneka bwino ndi maso, ndipo pano ili madigiri 15 okha kuchokera pansi, pamwamba pa mitengo ya aneba. Pa 200 mm kuloza kwa kampasi kukukwanira. Ndalemba ndi penti pamene miyendo itatu ikhale.

Lolemba, 8 Sepitembala

Zatheka. Mwezi unatuluka m'chifunga cha utsi wa moto wa kutchire, wachikasu kale kadamsana asanayambe. Pofika 6:30 mphepete mwake munayamba kudyeka. Ndinkajambula timavidiyo tatifupi mphindi zingapo zilizonse, exposure yosakwana 2 ms poyamba. Pamene kachigawo kowala kankachepa ndinkakweza pang'onopang'ono, ndipo utamira wonse ndinafika theka la sekondi mpaka sekondi yathunthu, gain (chokulitsira kuwala kwa chithunzi) yokwera. Kusiyana kwa kuwala pakati pa mwezi wathunthu ndi wa m'kadamsana ndi kwakukulu kotero kuti mukapanda kusintha sikirini imangoda, n'kuganiza kuti kamera yadula. Cha m'ma 8:11, pakati penipeni, unali wofiira moderako, mbali imodzi yowalirapo, nyenyezi zing'onozing'ono zikuoneka pambali pake pa sikirini. Kufiirako ndi kuwala kwa dzuwa kopindika podutsa mumpweya wa dziko lathu, buluu n'kumwazika, chofiira n'kupitirira mpaka kumwezi.

Pabwalo panadzaza, ana a aneba ndi makolo awo. Mwana wina anapunthwa pa chingwe pakati pa tebulo ndi mount. Mphira inatamuka, pulagi sinasunthe, chithunzi chinapitirira.

Kudula kunachitika kamodzi, pa chifukwa chimene sichinali pa mndandanda. Agogo ena anadandaula kuti sikirini ikuwathobwa m'maso, mdzukulu wawo n'kupinda chivundikiro cha laputopu mwaulemu ndithu. Windows inagona, ndipo kompyuta ikagona ma port amazima.

"Pepani amalume, ndimati ndithandize agogo."

"Palibe kanthu mwanawe, tsegula tione."

Itadzuka, SharpCap inali itataya kamera. Kutseka pulogalamu, kuzula, kulowetsa kamodzi n'kamodzi, kutsegulanso, ndipo tinabwerera mwezi usanayambe kutuluka. Mphindi 82 za mdima zimakhululuka zambiri. Lero ndasintha mu Power Options, Choose what closing the lid does, Do nothing pa batire ndi pa chaja.

Inverter inagwira bwino usiku wonse. Mafayilo adzaza disiki pafupifupi theka, kuwasankha ndi kuwaphatikiza mu pulogalamu ya AutoStakkert kudikire kaye.

Lolemba, 22 Sepitembala

Sabata yatha anthu anali pa za chisankho, ine ndinali pa Saturn. Usiku wathawu kunalibe mwezi, ndipo cha pakati pa usiku anali pamwamba kwambiri, madigiri opitirira 75, cha kumpoto kwa pamutu. Apa ndiye tili ndi mwayi umene a ku Britain alibe: kwa iwo Saturn chaka chino sakwera ngakhale theka la pamenepo, amamujambula kudzera mumpweya wokhuthala wogwedezeka.

Ndabwezera Maksutov. Pa 1500 mm pixel iliyonse ikutenga pafupifupi theka la arcsecond (gawo limodzi mwa magawo 3600 a digiri), ndiye Saturn ndi mphete zake akukwana m'ma pixel osafika 100. Dera la 320 ndi 240 likanakwanira, koma ndaika 640 ndi 480 kuti asathawe mount ikalakwitsa. Exposure 15 ms, zithunzi m'ma 60 pa sekondi, osakwana 20 MB pa sekondi. Ngakhale USB 2.0 inganyamule zimenezi, ndipo ndikuganiza kuti ambiri ojambula mapulaneti akhala pa High-Speed zaka zambiri osadziwa, chifukwa dera laling'ono limabisa vutolo mpaka tsiku limene adzafune chithunzi chathunthu. Mphete chaka chino ndi kamzere kopyapyala kodutsa pakati, poti dziko linadutsa mulingo wake pa 23 Malichi ndipo zidakali pafupifupi cham'mbali. Titan, mwezi waukulu wa Saturn, akuoneka ndikakweza gain.

Kuyambira 10 koloko mpaka mame atakuta galasi lakutsogolo, kamera sinadule. Mount inadutsa pamutu, ndinaitembenuza, chingwe chinatsatira bwinobwino.

Patuluka kena kakang'ono. Mouse yopanda waya inkadumphadumpha kamera ikamajambula, ikaima n'kukhala bwino. Kadongo kake ndinakaika kumanzere, pafupi ndi pulagi ya kamera. USB 3.0 ikamathamanga imatulutsa phokoso la wailesi m'dera la 2.4 GHz, momwe mouse zotere, Bluetooth ndi Wi-Fi zimayankhuliramo, ndipo Intel inalembapo za zimenezi mu 2012. Ndasamutsira kadongoko ku port yakuda ya kumanja, mbali ina ya laputopu, ndipo yasiya.

Jupiter adzayandikira pa 10 Januwale, pakati pa dzinja, usiku woyera udzakhala wosowa. Zofunika zisanafike nthawiyo ndi SSD m'malo mwa hard disk, chotenthetsera chothamangitsa mame pa galasi, ndi active extension yeniyeni kuti laputopu ibwerere pakhonde pamene mvula yadzidzidzi singaifike. Msuweni akubwera pa Khirisimasi, ndamutumizira chithunzi cha pulagi ya timano tisanu ndi tinayi kuti akawerenge asanalipire.